Kulumikiza sola ku mawaya a m'nyumba: kodi kuthimitsa swichi yaikulu n'kokwanira?

Bambo a Tadala

Akuluakulu, ndikupempha amene amadziwa za magetsi andithandize ndisanachite chinthu chomwe ndingadzanong'oneze nacho bondo. Ndili ndi mapanelo anayi a sola a 400 W lililonse, mabatire anayi a asidi olumikizidwa awiriawiri kuti azipereka 24 V, charge controller (chipangizo chowongolera moto wochokera ku mapanelo kupita ku mabatire), ndi inveta ya 2000 W yosandutsa magetsi a mabatire kukhala a m'nyumba. Magetsi akathima ndimakoka waya wautali kuchokera pa inveta kukafika pa filiji ndi pa TV, ndipo mawayawo amangoti mbwee pansi, ana n'kumapunthwapo. Mnzanga wina wandiuza kuti ndikudzivutitsa chabe. Akuti ndipange waya wokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, mbali imodzi ndilowetse pa inveta, inayo pa soketi ya pakhoma, ndipo nyumba yonse iyaka, bola ndiyambe ndathimitsa swichi yaikulu. Iye wakhala akuchita zimenezi kwa zaka ziwiri popanda vuto. Kwa ine zikumveka, chifukwa waya sasankha kumene magetsi akuchokera. Kodi pali chimene sindikuona?

Mayi a Chisomo

Bambo a Tadala, ntchito yanga ndi yolowetsa magetsi m'nyumba, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti waya umenewo musaupange. Mwanena zoona kuti nyumba iyaka, ndipo n'chifukwa chake anthu amakopeka nayo njirayi. Koma taganizirani za pulagi yachiwiriyo. Pulagi inapangidwa kuti mano ake azikhala opanda moto mpaka atalowa m'soketi, ndipo soketi inapangidwa kuti moto uzibisala mkati mwake. Waya wa mapulagi awiri umatembenuza dongosolo limeneli: mukangolowetsa mbali imodzi pa inveta yoyaka, mano a mbali inayo amakhala ndi 230 V ali pamtunda. Mwana akapunthwa pa wayayo n'kuizula pakhoma, chimene chagwa pansi ndi zitsulo zamoto, ndipo chinthu choyamba chomwe mwana amachita ndi kutola chimene wagwetsa.

Nkhani ya swichi yaikulu ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chitetezo chonse chikudalira kuti munthu asaiwale ngakhale tsiku limodzi. Inuyo mwina simungaiwale, koma m'nyumba simukhala nokha. Tsiku lina mudzakhala mutachoka, wina adzaona kuti kwa aneba magetsi ayaka, ndipo adzakweza swichi ija inveta ikadali pa soketi. Pamenepo magetsi a kampani ndi a inveta adzakumana pa waya mmodzi asakuyendera limodzi, ndipo inveta yamtundu wanuwo nthawi zambiri imapsa pomwepo, mwinanso ndi lawi. Zaka ziwiri za mnzanuyo zikungosonyeza kuti tsiku loiwala silinafike.

Agogo a Mphatso

Mwachita bwino kufunsa, mwana wanga, paja safunsa anadya phula. Ine ndinagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi mpaka kupuma, ndiye ndilankhula za mbali imene munthu wa m'nyumba saiona.

Thiransifoma yomwe imapereka magetsi kwa inu ndi aneba anu imalandira magetsi amphamvu, m'malo ambiri 11,000 V, n'kuwatsitsa kufika pa mlingo wa m'nyumba. Chipangizo chimenechi chilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Mukachipatsa 230 V kuchokera kunyumba kwanu, chimawakweza n'kuwatumiza ku nthambo zapamwamba ali masauzande. Tsono munthu amene watumidwa kukakonza nthambo yoduka amakhala atauzidwa kuti magetsi athimitsidwa, ndipo n'zoonadi, kwawoko athimitsa. Sadziwa kuti m'nyumba ina muli inveta yomwe ikukankhira moto m'nthambo yomwe iye akufuna kuigwira.

Ndinene chilungamo kuti kawirikawiri inveta yaing'ono imadzithimitsa msanga, popeza imayesa kuyatsa nyumba zonse za aneba ndipo imalemedwa. Komanso lamulo la ntchito yathu linali loti nthambo iyesedwe ndi kulumikizidwa kunthaka tisanaikhudze. Koma nthambo ikadukira pafupi ndi nyumba yanu, katundu wa aneba sakhalaponso, inveta silemedwa, ndipo chidutswa chomwe chagwera m'msewu chimakhala chamoto. Amene amadutsa pamenepo si anthu ophunzitsidwa ayi, ndi ana opita kusukulu. Ine ndinaonapo choyesera chikuyaka pa nthambo yomwe tonse tinkati ndi yakufa, titatsala pang'ono kuigwira, ndipo titafufuza tinapeza kuti moto ukuchokera ku jenereta ya nyumba ina yolumikizidwa mwa njira imene mwalongosolayo. Mpaka lero ndimakumbukira mmene mnzanga anatsikira papolo n'kukhala pansi osalankhula kanthu.

Malume a Yamikani

Zimene anena agogo ndi mayi ndazimva, ndipo sindikutsutsa za waya wa mapulagi awiri. Koma pali chinthu chimene chikundizunguza. Ku Germany anthu amagula mapanelo, kuwapachika pakhonde, n'kulowetsa pulagi m'soketi ya m'nyumba, ndipo lamulo limawalola. Kuyambira 2024 malire ake anakwezedwa kuchoka pa 600 W kufika pa 800 W. Ngati dziko losamala malamulo a magetsi chotero likulola kukankhira magetsi m'nyumba kudzera pa soketi, bwanji ife tikuwaopseza bambowa? Nthawi zina ndimaona ngati akatswiri amakulitsa zinthu kuti munthu wamba asamagwire chilichonse ndi manja ake.

Mayi a Chisomo

Funso lanu ndi labwino, malume, ndipo yankho lake lili pa mtundu wa inveta. Zimene amalowetsa m'soketi kumeneko ndi mainveta otsatira magetsi a kampani. Inveta yotere siyambitsa yokha magetsi. Imayamba yamvetsera magetsi omwe ali kale pa waya, n'kufananitsa kayendedwe kake ndi iwo, kenako ndiye imayamba kupereka. Magetsi a kampani akangothima, kapena pulagi ikazulidwa, imadzithimitsa nthawi yomweyo. Muyezo wa IEEE 1547 umafuna kuti inveta yolumikizidwa ku nthambo za kampani izindikire kuti yatsala yokha n'kusiya kupereka magetsi pasanathe masekondi 2, ndipo muyezo wa IEC 62116 umalongosola mmene chitetezo chimenechi chimayesedwera. Choncho mano a pulagi yake sakhala amoto, ndipo wokwera papolo sakhala pangozi. Koma dziwaninso kuti chipangizo chotere sichingawathandize Bambo a Tadala, chifukwa chimagona pa nthawi yeniyeni imene iwo akufuna kuwala. Inveta yawo ndi yoima payokha: imapanga 230 V yakeyake ndipo siidziwa ngati kunja kuli magetsi kapena ayi.

Malire a 800 W aja alinso ndi chifukwa chake. Breaker ya m'bokosi, swichi yodula yokha moto ukachuluka, imangoona moto wodutsa mwa iyo. Ngati breaker ndi ya ma amp 16 (16 A, muyezo wa kuchuluka kwa moto woyenda m'waya), ndipo inveta ikuwonjezera moto wake pakati pa njira, gawo lina la waya likhoza kunyamula 16 A kuphatikiza wa invetayo, breaker osadziwa kanthu. Pa 800 W chowonjezeracho ndi pafupifupi 3.5 A, chimene waya wabwino akhoza kupirira. Mukachulukitsa, waya amatentha mkati mwa khoma mmene simungamuone.

Pa zoti timakulitsa zinthu, ndikuvomereza kuti pali ntchito zambiri za sola zimene munthu wodekha angathe kuchita yekha. Ya kulowa m'bokosi la magetsi a nyumba si imodzi mwa izo, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limafuna munthu wa chiphaso.

Bambo a Tadala

Zikomo nonse, waya uja ndausiya. Mawu a agogo andilowa mumtima, chifukwa sindinaganizepo n'komwe za munthu wa papolo. Tsono mayi, njira yoyenera ndi iti yoti mababu ndi masoketi a m'nyumba azilandira magetsi a inveta popanda kukoka mawaya pansi? Ndikufuna ndikamaitana munthu wa chiphaso ndizidziwa chimene ndikupempha, kuti ndithe kuona ngati wachita ntchito yonse.

Mayi a Chisomo

Chimene mukufuna ndi changeover switch, bambo. Ndi swichi yokhala ndi malo atatu, olembedwa 1, 0 ndi 2. Pa 1 nyumba imalandira magetsi a kampani, pa 2 imalandira a inveta, ndipo kuti ichoke pa 1 kupita pa 2 iyenera kudutsa pa 0, pamene zonse zaduka. Mapangidwe ake enieniwo salola kuti mbali ziwirizi zikumane, kotero ngakhale mwana ataitembenuza, ngakhale inu mutaiwala, palibe moto wopita kunja. Onetsetsani kuti ikudula mawaya onse awiri, live (wobweretsa moto) ndi neutral (wobwererapo moto), osati live yekha.

Ndingakulangizeninso kuti musadyetse nyumba yonse. Muuzeni akuikireni kabokosi kena kakang'ono ka zinthu zofunika zokha: mababu, filiji, ndi masoketi angapo. Kuka, giza ndi ayironi zitsale ku magetsi a kampani. Ketulo imodzi yokha ikhoza kufuna 2000 W kapena kuposa, kutanthauza inveta yanu yonse, ndipo filiji ikamadzuka imakoka moto wochuluka kangapo kuposa umene imagwiritsa ntchito ikamayenda.

Pali chinthu china chimene ambiri amachidumpha, ndipo ndi chimene ndikufuna muchiyang'anire ndi maso anu. M'bokosi mumayenera kukhala RCD ya 30 mA, imene ena amaitchula earth leakage. Ntchito yake ndi kuyerekeza moto wotuluka pa live ndi wobwerera pa neutral. Ziwirizi zikasiyana, ndiye kuti moto wina wadzera njira ina, mwina m'thupi la munthu, ndipo imadula msangamsanga. Breaker wamba imateteza waya kuti asapse, sidziwa za munthu, chifukwa moto wotha kupha munthu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi 16 A. Koma kuti RCD igwire ntchito bwino, neutral ayenera kukhala wolumikizidwa ku earth, waya wopita kunthaka, pamalo amodzi kumene magetsi akuchokera. Pa magetsi a kampani zimenezi zinachitika kale. Pa inveta zimatengera mtundu wake: mainveta ena amalumikiza okha mkati akayamba kugwiritsa ntchito batire, ena amasiya neutral ali lende, ndipo alipo ena otchipa amene amapsa mukawalumikiza chotero. Buku la inveta yanu liwerengedwe ntchito isanayambe. Akamaliza, muuzeni ayese RCD ndi chipangizo choyesera kawiri, swichi ili pa 1 komanso ili pa 2. Kabatani kolembedwa T kamangosonyeza kuti RCD yeniyeniyo ikutha kudula, sikatsimikiza kuti earth wa nyumba ali bwino.

Malume a Yamikani

Pa za bokosi ndagonja, mayi. Koma popeza ndinayamba ndine kunena za kugwira ntchito ndi manja, ndinene zimene zinandichitikira, chifukwa anthu ambiri timaganiza kuti mbali ya mapanelo ndi mabatire ndi yosaopsa.

Nditangoyamba kumene ndinalumikiza inveta ya 1000 W ku batire ya 12 V pogwiritsa ntchito waya wa 2.5 mm², wa masoketi a m'nyumba uja, poganiza kuti ngati amapirira 230 V ndiye 12 V ndi nkhani yaing'ono. Sindinadziwe kuti chimene chimatenthetsa waya ndi ma amp. Pa 230 V, 1000 W imafuna ma amp oposa 4 pang'ono, koma pa 12 V imafuna oposa 80, pamene waya uja anapangidwira ma amp a m'ma 20. Ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, ndipo nditayang'ana ndinapeza khungu la waya litafewa ngati phula n'kumadontha pa batire, kopa ali pamtunda. Fyuzi panalibe. Mawaya awiri aja akanakhudzana, batire ikanatulutsa ma amp mazanamazana, ndipo panalibe choti chidule.

Ndiye Bambo a Tadala, pa 24 V inveta yanu ikalemedwa ikoka ma amp pafupifupi 90. Mawaya apakati pa batire ndi inveta akhale aafupi, onenepa, 25 mm² kapena kuposa monga buku linenera, ndipo fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi mutu wa positive wa batire. Manati amangidwe zolimba, pakuti polumikizira pogwedera ndi pamene moto umayambira. Pogwira ntchito pa batire vulani mphete ndi wotchi, ndipo sipanala muikulunge ndi tepi, chifukwa ikagwera pakati pa mitu iwiri imawotcherereka pomwepo.

Agogo a Mphatso

Malume anena zoona, ndipo ndiwonjezere za mapanelo. Panelo ilibe swichi. Kuwala kukangoigwera imapereka magetsi, ngakhale kunja kuli mitambo. Magetsi a m'nyumba, otchedwa AC, amasintha mbali, ndipo pa 50 Hz amadutsa pa ziro maulendo 100 pa sekondi, kotero moto ukathetheka podula umazima wokha. Magetsi a panelo, otchedwa DC, amayenda mbali imodzi osapuma, ndiye lawi likayamba pakati pa zitsulo ziwiri limapitirirabe, kumatalika pamene mukuzitalikitsa. N'chifukwa chake zolumikizira mawaya a mapanelo, zotchedwa MC4, sizizulidwa moto ukuyenda, ndipo breaker ya m'nyumba siyenera kuikidwa pa mawaya a mapanelo. Pamafunika yolembedwa kuti ndi ya DC, ya mlingo wa ma volt okwanira. Mwana wanga, tatiuzani, mapanelo anuwo munawalumikiza bwanji, ndipo kumbuyo kwake pa Voc, ma volt amene panelo imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse, palembedwa chiyani?

Bambo a Tadala

Ndapita kukaona, agogo. Palembedwa Voc 37 V, ndipo onse anayi ndinawalumikiza mondondozana, positive wa ina ku negative wa inzake. Pa charge controller palembedwa kuti imalandira mpaka 150 V. Ndinawerengera kuti anayi akupanga 148 V, ndiye ndinaona kuti ndili mkati mwa malire.

Mayi a Chisomo

Agogo afunsa funso loyenera, ndipo bambo, muli m'mphepete mwenimweni. Nambala ya 37 V inayesedwa panelo ili pa madigiri 25. Panelo ikazizira ma volt amakwera, pafupifupi 0.3 peresenti pa digiri iliyonse. M'mawa wozizira wa madigiri 10, dzuwa likangotuluka mapanelo asanatenthe, 148 V yanu ikhoza kufika cha m'ma 154 V, ndipo charge controller ikhoza kuwonongeka. Alumikizeni awiriawiri mondondozana, kenako magulu awiriwo muwaphatikize positive ku positive, negative ku negative. Mupeza 74 V, ma amp n'kuwirikiza kawiri, choncho onani ngati waya wochokera padenga ndi wokwanira. Akhale waya weniweni wa sola, wa 4 kapena 6 mm², wopirira dzuwa, ndipo asakhule pa m'mphepete mwa lata. Mafelemu a mapanelo alumikizidwe ku earth.

Dziwaninso kuti 148 V ya DC ikhoza kupha munthu, makamaka wotuluka thukuta ataima pa malata. Ntchitoyi ichitike mapanelo ataphimbidwa ndi chinthu chosalola kuwala, mutadula kaye breaker ya DC, ndipo pansi pakhale munthu wokugwirirani makwerero. Pa charge controller batire imalumikizidwa poyamba, mapanelo pambuyo, ndipo pomasula mumayamba ndi mapanelo.

Mayi a Thoko

Ine si wa zamagetsi, ndimagwira ntchito ya unamwino, koma ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi funso kwa Bambo a Tadala: mabatire anuwo ali kuti? Ndinaphunzira kuti mabatire a asidi amatulutsa mpweya wa hydrogen akamatchajidwa, ndipo ukangofika 4 peresenti mu mpweya wa m'chipinda ukhoza kuyaka ndi kamoto kakang'ono. Asakhale m'kabati yotseka kapena m'chipinda chogona, ndipo inveta isakhale pamwamba pawo penipeni.

Achiwiri ndi oti aliyense m'nyumba adziwe chochita munthu akagwidwa ndi magetsi. Moto wochepa chabe, wa ma milliamp 10 mpaka 20, umatha kuumitsa minofu ya dzanja moti munthu amalephera kusiya waya. Katswiri wina wa ku University of California, Charles Dalziel, anafufuza kwambiri zimenezi, ndipo ndi iye amene anapanga chodulira magetsi chamtundu wa RCD chomwe amagwiritsa ntchito ku America. Wopulumutsa asamugwire munthuyo ndi manja, chifukwa naye agwidwa. Athimitse magetsi, ndipo m'nyumba ya sola ayenera kudziwa kuti swichi yaikulu yokha sithimitsa inveta. Ngati sangathe kuthimitsa, amukankhe ndi mtengo wouma ataima pouma. Ngati munthuyo sakupuma, wina aitane thandizo pamene wina akusindikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, pakuti magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha mkati pamene pakhungu pakuoneka kabala kakang'ono.

Bambo a Tadala

Ndabweranso patatha masiku kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Mabatire analidi m'kabati yotseka, Mayi a Thoko, ndipo ndawasamutsira pamalo podutsa mphepo. Mapanelo tawalumikiza awiriawiri. Munthu wa chiphaso waika changeover switch ndi kabokosi ka mababu, filiji ndi masoketi atatu, ndipo wamata chikwangwani pa bokosi chochenjeza kuti nyumbayi ili ndi magwero awiri a magetsi. Poyesa RCD swichi ili pa 1 inadula bwinobwino, koma ili pa 2 sinadule. Zinapezeka kuti inveta yanga imasiya neutral osalumikizidwa ku earth, monga munanenera, Mayi a Chisomo. Atawerenga buku lake anapeza kuti imalola kulumikiza, anakonza kumbali ya inveta ya swichiyo, ndipo atayesanso inadula. Ndikanapanda kupempha kuti ayese mbali zonse ziwiri, sindikudziwa ngati zikanaoneka.

Ndatsala ndi funso limodzi. Soketi ya kukhitchini ndi yosweka ndipo ndikufuna kuisintha ndekha. Ndili ndi tesita ya sikuludilaiva, ija yoyaka kababu mukaigwira kumapeto. Kodi ndi yokwanira kunditsimikizira kuti moto palibe?

Mayi a Chisomo

Si yokwanira, bambo. Kababu kake sikaoneka bwino pamalo powala, ndipo kamadalira thupi lanu kuti kayake, kotero mutavala nsapato za labala kapena mutaima pa makwerero ouma kakhoza kukhala chete pa waya wamoto. Pezani choyesera cha mawaya awiri, kapena multimeter yabwino yoikidwa pa AC. Ikani changeover pa 0, thimitsani inveta ndi swichi yaikulu, ndipo muuze onse m'nyumba kuti asakhudze bokosi. Inveta musaitsegule, chifukwa zida zake zamkati zimasunga moto kwa mphindi zingapo ngakhale itathimitsidwa. Choyeseracho muchiyese kaye pa soketi yamoto musanathimitse, kuti mudziwe kuti chikugwira ntchito. Kenako yesani soketi yoswekayo pakati pa live ndi neutral, live ndi earth, komanso neutral ndi earth. Mukapeza ziro ponseponse, chiyeseninso pa gwero lamoto, monga potulukira pa inveta yeniyeniyo mutaiyatsa, changeover ikadali pa 0, n'kuithimitsanso musanamasule sikulu yoyamba. Musadalire mtundu wa waya okha, chifukwa m'nyumba zakale live ndi wofiira ndipo neutral ndi wakuda, m'zatsopano live ndi wabulauni ndipo neutral ndi wabuluu, ndipo ndapezapo nyumba zimene mitundu yonseyi inasakanizidwa m'soketi imodzi. Jambulani chithunzi musanamasule mawaya, ndipo mukapeza kuti mkatimo mwada kapena khungu la waya lauma n'kumasweka, tsekani mumuitanenso munthu uja adzaone dera lonselo.